Kabuleta Yakale ndi Thumba la Mchenga

"Chokani apo! Chokaniii! Injini ikulankhula, inunso mukulankhula, ine ndimvere uti?"

Amenewo ndi a Mapulagi, makaniko. Mawu ngati munthu amene wameza nati ya tayala ndipo yakana kutsika. Mimba imafika lero, matako mawa. Mayendedwe awo: mwendo wakumanja gwe, wakumanzere kweee, gwe, kweee, ngati wilibala yomwe sinalaweko girisi chibadwire. Sipanala m'manja nthawi zonse, ndipo sinali yomasulira manati okha ayi. Agalu a mumsewu wawo ankaidziwa sipanala imeneyo. Makasitomala ena ankaidziwanso.

Pagalaja pawo panalibe makina aja oyezera mphamvu ya injini, omwe galimoto imathamangapo ili malo amodzi. Ukangowatchula, a Mapulagi ankalavula, thu! "Makina? Makina anga ndi awa!" Apo akudzimenya matako, pha! pha! "Galimoto ikakoka, awa amamva. Ikanama, awa amamvanso. Sanadyepo magetsi a munthu."

Kuyesa kabuleta kwawo kunali ndi malamulo, ndipo lamulo lililonse linkatuluka ndi kumenya chitsulo chomwe chili pafupi. "Msewu umodzi!" Ngwe! "Giya imodzi!" Ngwe! "Mphepo imodzi!" Ngwe! "Katundu mmodzi!" Ngwe! Ankadikira dzuwa lilowe, mpweya uzizire. Kenako ulendo ku msewu wa fakitale yakale, wowongoka ngati mpini wa tsache, wopanda nyumba ndi imodzi yomwe, wothera pa geti lokhoma. Kumeneko ankatembenuka n'kuyang'ana kwawo. Akafika pa mtengo wouma ankaponda moto mpaka phazi ligunde chitsulo. Akafika pa chikwangwani chadzimbiri ankayang'ana muvi wa liwiro, n'kuzimitsa injini pomwepo, giya n'kuchotsa. Galimoto inkangoyenda yokha, zii, kudutsa pa kalavati, kupitirira uko, mpaka itatopa. Ikaima ankamasula mapulagi n'kuwaunika. Akakhala akuda ngati makala, ndiye kuti kabuleta ikumwetsa petulo wambiri. Akayera mbee, injini ikufa ndi njala. Akafiirira ngati tiyi wamkaka, basi, yagwira. Dzina lawolo linachokera pamenepo.

Panali kanthu kenanso. Poyesa, nyali ankazimitsa. "Nyali zimaba mphamvu!" Ganizani inu, abale anga: chigalimoto chathunthu chikuuluka mumdima, chopanda maso, chopanda mawu.

Katundu mmodzi uja linali thumba la mchenga lomwe linkakhala pampando wakutsogolo. Analidzaza pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha mpaka linalemera ndendende ngati mlamu wawo Nyundo. Thumbalo ankalitcha Nyundo Wanzeru, poti silinkayankha.

Nyundo weniweniyo anali mlongo wa akazi awo, wowongola malata a magalimoto pakona ya galaja yomweyo. Munthu wofatsa, wolankhula ngati akuwerenga mankhwala. Koma masiku amenewo kufatsa kwake kunali kwina. Bambo ake anali atasowa.

Madala amenewo munawamvapo ndithu. Onola mipeni, oyenda panjinga yokhala ndi mwala wozungulira kutsogolo. Akaimika njinga pa mwendo wake, tayala lakumbuyo m'mwamba, ankapalasa ali malo amodzi, mwala n'kumalira shiiii, moto thethethe. Poitana anthu ankakoka khosi ngati tambala: "Mipeniii! Masizasiii! Nkhwangwa zogonaaa, ndidzutseee!" Tsiku lina anatuluka m'mawa. Sanabwerenso.

Nyundo anali atayenda kuchipatala, kupolisi, mpaka kunyumba ya chisoni komwe anamuvundukulira nkhope za anthu osawadziwa. Misewu yonse anali ataipeta ndi mapazi. Unatsala umodzi, wa fakitale uja. Umenewo a Mapulagi anati, "Usadzivutitse, mlamu. Ndafufuza ndekha. Kulibe ngakhale nsapato."

Madzulo ake a nkhaniyi, Nyundo anangokhala pa tayala pagalaja, mutu uli m'manja. Pambali pake panali takisi yakale yachikasu. Mwini wake anaibweretsa ndi makabuleta awiri, yakale yammero umodzi ndi ina yamimero iwiri yomwe anagula, kuti a Mapulagi anene yomwe ikukoka bwino. Yakaleyo a Mapulagi anali ataiyesa kale, usiku womwe anabwerako boneti itabunyuka. Anati anagunda mbuzi. M'mawa mwake Nyundo ndi amene anawongola, nthawi imeneyo onse akuganiza kuti madala agona kwa mnzawo. Anasekanso ndi kuseka powongolapo. "Alamu, mbuzi yake yaitali bwanji? Inavala nsapato zagogoda?" Yankho lake linali khofi la kuseri kwa khutu.

Yatsopanoyo inali itamangidwa, koma galimoto sinatulukenso pageti.

Mlongo wake wa Nyundo anatulukira pakhomo, maso otupa, tawulo paphewa.

"Abambo, mwini takisi wabweranso. Akuti mawa asapeze nkhani, apeze yankho."

"Adikire!"

"Adikire chiyani? Dzuwa lalowa, mphepo yanu ija yazizira. Kapena mdima mwayamba kuuopa? Nyali kuchipinda osazimitsa, kutulo kukuwa ngati khanda. Munthu wamkulumkulu!"

Sipanala inauluka, fyuu! Inaphonya mutu wa mayiwo ndi kachala, n'kukang'amba chitseko. Mayiwo sanagwedezeke. Anali ataizolowera ngati ntchentche.

Nyundo anadzuka. "Tiyeni, alamu. Ine ndikufuna ndiuone ndi maso anga msewu umenewo."

"Ndinakuuza kuti kulibe kanthu!"

"Ndamva. Ndingokuperekezani. Kodi mnzanga Wanzeru ali kuti? Pampando sindikumuona."

"Anabooka."

"Ndiye ine ndikhala thumba. Katundu mmodzi, si choncho?"

A Mapulagi anayang'ana mkazi, anayang'ana mlamu, anayang'ana kumwamba. Kukana kukanakhala kuvomera kuti akuopa. Anatola sipanala yawo, anaponya kabuleta yakale m'buti, bokosi la zitsulo pamwamba pake, gwe, kweee, gwe, kweee, n'kulowa.

Pamphambano anakhotera kumanzere.

"Alamu, fakitale ndi uku."

"Lero tiyesera kwina."

"Aa! Msewu umodzi?" Nyundo anagogoda chitseko ndi kanyundo kake ka m'thumba. Ngwe!

A Mapulagi anatukwana mbuzi, amake a mbuzi, ndi munthu amene anayambitsa mbuzi. Koma anabwerera.

Mdima unali utagwira. Msewu unali zii. Nyundo anatulutsa mutu pazenera, tochi m'manja, akuunika udzu. Atayandikira kalavati, a Mapulagi anayamba kuimba mluzu, phazi n'kulemera, galimoto vuu, kudutsa. Tochi sinaone kanthu.

Pageti la fakitale anatembenuka. Nyali zinali zoyaka.

"Lero nyali sizikuba mphamvu?"

"Thumba silinkalankhula."

Mtengo wouma. Phazi pansi. Yamimero iwiri inatsegula kukamwa, bwooo! Msana wa Nyundo unamatirira pampando. Chikwangwani. A Mapulagi anapotoza kiyi.

Nyali zinazima nazo. Thi!

Palibe amene anazikhudza.

Galimoto inkayandama mumdima. Matayala okha, waaa, pa phula. Nyundo anamva mlamu wake akupuma ndi pakamwa. Kenako, popanda buleki kulira, popanda chilichonse, galimoto inaima. Osati kutopa ayi. Kuima, ngati chimunthu chaigwira bampala ndi manja awiri. Gu! Nyundo anapsompsona galasi ndi mphuno. A Mapulagi chiwongolero chinawalowa m'mimba mpaka anabwezera mpweya wa chaka chatha.

Anali pa kalavati. Matayala akutsogolo m'mphepete mwake ndendende.

"Mabuleki," anatero a Mapulagi. "Agwira okha. Tsika ukankhe. Timasulira mapulagi kutsogoloko."

Nyundo anakankha, magazi akudontha pa buti. Anakankha mpaka nsapato zinaterereka. Zinali ngati akukankha tchalitchi.

"Siikusuntha. Masulani pompano."

A Mapulagi anatsegula boneti ngati akutsegula chitseko cha galu wolusa. Anamasula pulagi yoyamba n'kuibweretsa pa tochi.

Sinali yakuda. Sinali yoyera. Sinali ya tiyi wamkaka. Inkanyezimira. Kansonga kake kanali kosongoka ngati singano, kosalala, ngati kangochoka pa mwala.

"Ndi dzimbiri lachoka," anatero, n'kupukuta ndi chala chachikulu monga mwa chizolowezi.

Tsee! Chala chinatseguka mpaka fupa linasuzumira.

"Mayooo! Amamaaa!" Anavina pamsewu, gwe, gwe, gwe, mwendo wa kweee uja utaiwala kuti ndi wolumala.

Nyundo anatola pulagi ija. "Alamu, yakuda ndimaidziwa, yoyera ndimaidziwa. Nanga yofiira ndiye kuti kabuleta ikutani?"

Mbama inamufika pa mphuno yomweyo yotupa. Nyenyezi zinatsika. Atabwerera m'maganizo anatenga tochi n'kulunjika kumphepete kwa msewu.

"Ukupita kuti?"

"Ndiunikeko pansipa."

A Mapulagi anamudumphira kumsana, thupi lonse lija. Onse awiri khu! pa phula. Analanda tochi n'kuimenyetsa pansi kawiri, katatu, mpaka mabatire anagudubuka kulowa mu udzu.

"Tochi ndi ya ntchito! Si yosakira achule! Lowa m'galimoto!"

Nyundo analowa. Koma mumtima mwake munali mutayamba kugogoda kanthu, pang'onopang'ono, ngati mmene iye amayambira pa lata.

Pulagi itabwezeretsedwa, injini inalira kamodzi n'kamodzi. Giya yoyamba, galimoto njenjenje, matayala kununkha, osasuntha. Giya yobwerera, ndiye ha, inatsetsereka ngati sopo. Kumbuyo inkalola. Kutsogolo, kumene kunali kwawo, ayi.

"Tiisiye, alamu. Tiyende wapansi."

"Ine sindiponda pamenepo ndi phazi langa."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndine makaniko! Ikusowa mphamvu basi. Ndiipatsa majeti aakulu, idutsa ngati mphezi."

Anabwerera chambuyo mpaka ku mtengo wouma. Majeti ndi timanati tamkuwa toboola pakati, momwe petulo amadutsira. Bowo likakula, injini imamwa ngati chidakwa cha pa ukwati. A Mapulagi anachotsa chosefera mpweya, foni ataluma m'kamwa kuti iwaunikire, chala atakulunga ndi sokosi. Anapisa dzanja m'bokosi la zitsulo.

Anakuwa foni ili m'kamwa. "Mmmmfff!"

Dzanja linatuluka lili mizeremizere. Nyundo anaunika m'bokosimo. Sikuludiraiva, pulayala, masipanala onse, chilichonse chinali ndi mbali yonyezimira. Sipanala yaikulu ija, yodziwika ndi agalu, ukanatha kumetera ndevu.

Ntchito yaukhondo. Yopanda mano, yopanda kupsereza chitsulo. Nyundo anakula akuiona ntchito imeneyo. Anakula akupalasira njinga ija madala akatopa miyendo.

"Alamu," anatero pang'onopang'ono, "zitsulo zanu ananola ndani?"

"Gwira foni!"

Anamanga majeti ndi nsanza m'manja, magazi akusakanikirana ndi petulo. Chosefera sanabwezeretse. Analiza injini. Kabuleta yopanda chosefera imakoka mpweya mokweza, aliyense amadziwa. Imati fooo. Koma iyi sinati fooo.

Inati shiiii.

Inapuma pang'ono, monga amapumira munthu potembenuza mpeni.

Shiiii.

"Ndi mpweya ukuba pa gasiketi," anatero a Mapulagi, ngakhale panalibe amene anawafunsa.

Ulendo uno sanafune za muvi, sanafune za mapulagi. Nyali zonse mbee. Mtengo wouma, phazi pansi, utsi wakuda kumbuyo ngati fakitale yadzuka. Dzanja lamanja pa chiwongolero, lamanzere litagwira kiyi zolimba kuti asatembenuke.

Chikwangwani chinafika.

Nyundo anaona ndi maso ake. Kiyi anatembenuka. Dzanja la a Mapulagi linatembenuka naye limodzi, kupitirira pomwe dzanja la munthu limathera. Thyo!

Mdima. Waaa. Gu!

Pomwe paja. Ngakhale ukanaika ulusi.

A Mapulagi ankalira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga, dzanja lili lende. Nyundo anali ndi mano awiri ogwedera. Atatsitsa galasi anamva fungo. Si la petulo, si la matayala. La chitsulo chotentha ndi mwala wonyowa. Ndipo pansi pa fungo limenelo panali lina, lozizira, lochokera kumunsi kwa msewu.

Patali, ngati kuseri kwa phiri, wina ankakoka khosi.

"...peniii..."

"Mwamva?"

"Ndi kadzidzi!"

"Kadzidzi amanola nkhwangwa?"

"Bwezera galimoto kumbuyo, iwe! Dzanja langa lathyoka, sukuona? Yamimero iwiriyi ndi yabodza. Timanga yakale. Yakale ija inadutsa pano, inadutsa bwinobwino!"

Mawu amenewo anatuluka okha. Nyundo anawatola n'kuwasunga.

Ku mtengo wouma, Nyundo ndi amene anagwira ntchito, mlamu wake akulamula ali tsonga pa bampala. Manati anayi, paipi ya petulo, waya wa moto. Zitsulo zija Nyundo sizinamucheke ndi pang'ono pomwe. Ankazigwira mbali yakuthwa, zili ngati supuni. A Mapulagi anaona zimenezo, n'kuyang'ana kumbali.

Akumanga nati yomaliza, Nyundo anayamba kuwerengera mumtima. Msewu womwewo. Giya yomweyo. Mphepo yozizira yomweyo. Katundu yemweyo, poti iye ndi thumba anali mapasa. Tsopano kabuletanso yomweyo. Mlamu wake ankanena tsiku ndi tsiku kuti ukasunga malamulo onse, galimoto imakubwerezera zomwe inachita, osaonjeza, osachotsa.

"Kwatsala chimodzi, alamu."

"Chiyani?"

"Nyali. Tsiku lija munazimitsa."

"Usakhudze!"

A Mapulagi anayendetsa ndi dzanja limodzi. Mtengo wouma. Nyundo anatambasula mkono n'kuzimitsa nyali yekha. Chigongono chinamupeza pakamwa, dzino limodzi linatsanzika, koma iye anagwirabe batani. Kabuleta yakale inkakoka modekha, ngati ng'ombe yodziwa njira. Chikwangwani. Ulendo uno kiyi palibe amene anamukhudza, injini inangoti zii.

Waaa.

Kutsogolo, pakati pa msewu, kunathetheka moto.

Tizimoto ting'onoting'ono, thethethe, tikugwa ngati mvula. M'kuwala kwake munali tayala likuzungulira m'mwamba. Mawondo akukwera, kutsika. Chipewa chopindika kutsogolo. Msana wowerama womwe Nyundo akanauzindikira pakati pa msika wodzaza. Munthuyo sankamva kanthu. Akanamva chiyani? Galimoto inalibe mawu.

"Ababaaa!"

Phwaaa!

Boneti inafuula. Chinthu cholemera chinagudubuka pagalasi, galasi n'kuchita ukonde wa kangaude, chinadutsa padenga, gudu, gudu, n'kugwera kumanzere. Belu la njinga linalira kamodzi. Ngili.

Galimoto inadutsa kalavati. Inayenda pang'ono, n'kuima yokha mwaulemu.

Nyundo anazula kiyi, anatsika akuthamanga. Pamsewu panalibe munthu. Panalibe njinga. Panalibe ngakhale dontho. Anakwawa ndi mawondo akupapasa phula. Phula linali louma, lofunda.

Anabwerera ku galimoto n'kuika dzanja pa boneti.

Wowongola malata amadziwa chibunyu ngati mayi amadziwa chipsera cha mwana wake. Chinali chomwecho. Chakuya kumanzere, chopindika ngati phewa, kachiwiri kakang'ono kozungulira pamwamba pake. Phala losalazira lata lomwe iye anamata linali litasweka n'kugwa. Ndipo pakati penipeni panali patalowa chibenthu cha mwala wonolera. M'mawa uja anasesamo fumbi lotuwa, lokhakhala, n'kumaseka za nsapato zagogoda. Anawongola ndi manja ake. Anapaka penti ndi manja ake. Anapukutanso mpaka inawala.

Gwe, kweee. Gwe, kweee. Kumbuyo kwake.

Anatembenuka mochedwa. Sipanala yaikulu inatsika, inatenga kansonga ka khutu n'kutsegula phewa la malaya ndi nyama yake.

"Bweretsa kiyi! Sunaone kanthu! Mbuzi! Inali mbuzi, ukumva? Ndimadyetsa mlongo wako, ndimadyetsa iwe, galu iwe!"

Inabweranso kachiwiri. Nyundo anazinda. Sipanala inalowa mu chitseko cha galimoto ngati mpeni mu papaya, n'kukanirira. Pamenepo kanyundo ka m'thumba kanatuluka. Nyundo samenya mwaukali, amamenya pamalo pake. Kamodzi pa bondo la gwe. Kho! A Mapulagi anakhala pansi ngati thumba la simenti, miyendo yonse iwiri tsopano ili ya kweee.

Nyundo anatola foni ya mlamu wake n'kutsikira kumunsi kwa msewu. Udzu unali wogona, ngati panakokedwa chinthu. Fungo lija linamulandira. Anaunika.

Pakamwa pa kalavati panali Nyundo Wanzeru. Wosabooka ndi pang'ono pomwe. Atakhazikidwa bwino, wotsamiritsidwa ndi miyala, kutseka bowo. Pamwamba pake, pa kampata kotsala, pankatulukira chogwirira cha njinga chokulungidwa ndi mphira wofiira. Mphira umenewo anakulunga ndi iyeyo.

Anagwada. Dzanja linafika pa thumba, koma linakana kukoka.

Kumtunda kunamveka boneti ikutsegulidwa. A Mapulagi anali atadzikoka ndi zigongono, akufuna kulumikiza mawaya kuti ailize popanda kiyi, athawe. Kenako chitsulo chinagwa. Gwaa! Ndi mfuu womwe unadzutsa mbalame za m'fakitale.

Nyundo anakwera pang'onopang'ono.

Boneti inali itawagwira pamsana, mutu ndi mikono zili m'kati, miyendo ikupalasa mphepo kunja. Mlomo wa boneti unkanyezimira. Unali utadula kale ovolosi, tsopano unkalawa mafuta a pamsana.

Ndipo injini inayamba kutembenuka. Kiyi ali m'thumba la Nyundo.

Sinkalira ngati injini. Inkazungulira mwakachetechete, ngati wina akuipalasa ndi miyendo. Fani yoziziritsa injini inayamba kuyenda. Mapiko ake anali owala ngati kalirole. Shiiii. Tizimoto tinkatuluka pansi pa galimoto. Nkhope ya a Mapulagi inali pomwepo, ndipo boneti inkatsika pang'onopang'ono, kuikankhira kutsogolo. Ndevu zinayamba kuuluka.

"Mlamu! Mlamu wanga! Kweza! Achimwene, kwezani! Ndikupatsa galaja yonse!"

Nyundo anagwira boneti ndi chala chimodzi. Inali yopepuka ngati pepala. Inaima. Atachotsa chala, inayambanso kutsika.

"Mbuzi ija, alamu."

"Inali mbuzi, ndikulumbira! Aaa! Mphuno yanga!"

"Mbuzi yake inali ndi belu?"

"Kunali mdima! Ndinalibe nyali, ndikanaona bwanji? Aliyense akanagunda!"

"Akanagunda chiyani?"

Shiiii. Kansonga ka mphuno kanapita. Magazi anawaza pa batire, pa kabuleta yakale, pa malaya a Nyundo. Kumunsi kwa msewu, m'kati mwa kalavati, wina anakoka khosi, pafupi kwambiri tsopano, mosafulumira, ngati ali pakhomo la kasitomala wakale.

"Nkhwangwa zogonaaa..."

"Nenani, alamu. Si ine ndikufunsa."

Anthu a mumsewu wawo mpaka lero amatsutsana. Ena amati boneti inali ndi chogwirira chothyoka kalekale. Ena amati Nyundo ananola yekha zitsulo zija, poti ntchitoyo anaiphunzira ali mwana. Owotcherera zitsulo a pafupi amangoti galimoto inasunga malamulo a mwini wake. Koma zomwe zinatuluka pansi pa boneti ija onse amazinena mofanana, ndipo pamenepa ngakhale wonyoza mawu a a Mapulagi amasiya kuseka.

Fani inaima. Shiiii uja anaduka. Msewu wonse unatchera khutu.

Mawu aja a nati pakhosi anatuluka aang'ono, ngati a mwana.

"Sinali mbuzi. Anali apongozi. Ndinawagunda ine, ndinawakokera mu kalavati ine, njinga ndinaipinda ine." Anameza magazi. "Ndipo pamene ndinkatseka ndi thumba, mlamu, anali akupumabe. Anandigwira mwendo. Anati, 'Mwana wanga, ndiwe? Bola wabwera.'"